KU MZIMBA NDALAMA IKUBWERA, KOMA SIKUGONA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Inu amene mumakwera basi za usiku kupita ku Songwe kukaoda katundu, ambiri a inu Mzimba mumangoidziwira pa windo. Mumadzidzimuka pa rodibuloko ya pa Jenda, mumagula kambale ka tomato ndi anyezi, kenaka tulo mpaka kukafika m'nkhungu za ku Chikangawa. Tauni yeniyeni ya Mzimba simuiona, chifukwa msewu wa M1 sudutsa pa boma. Munthu amachita kupatuka n'kulowera kuzambwe. Komatu dera limeneli lili ndi nkhani yokhudza aliyense amene amadyera pa benchi, kaya ku Limbe, kwa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Zigwagwa ku Mzuzu.

Nkhani yake ndi iyi: kum'mwera kwa Mzimba ndalama imalowa ndithu, ya ulimi, ya matabwa ndi ya ku Joni. Koma ikalowa m'mawa, pofika madzulo yakwera kale lole kubwerera kunja. Tiyeni tiyende limodzi tione pomwe ikudonthera.

Pa Jenda

Mukachoka ku Kasungu n'kudutsa pa Nkhamenya, malo oyamba aakulu m'boma la Mzimba ndi pa Jenda. Pano dziko la Zambia lili pamphuno, ndipo alipo msewu wopita ku Lundazi kudzera pa chipata cha Mqocha. Chitumbuka, Chichewa ndi Chinyanja cha ku Zambia zimamveka pa benchi limodzi. Mukapereka moni wa "monire", amayi ogulitsa amakuyankhani ndi nsangala, mwina n'kukuikirani ka basera.

Dzina la Jenda lidatchuka ndi tomato, anyezi, mbatatesi, kabichi ndi nyemba. Malole amadzaza pano kupita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Izi ndi zakwathu zenizeni, zolimidwa m'madimba a m'midzi yozungulira, ndipo kwacha iliyonse yogulira dengu la tomato imakafika m'manja mwa mlimi, waganyu wothirira, wangolo ndi wakabaza.

Tsono tatembenukani muyang'ane mashelefu a magolosale a tsidya la msewu. Sopo, mabisiketi, maswiti ndi zakumwa za ku Zambia. Mapoto, matochi ndi masilipasi a ku China. Zitenje zolowera ku Tanzania. Mayi uja wagulitsa madengu ake, wawoloka msewu, ndalama yonse wakaisiya pa katundu wakunja. Ndipo nyengo imene tomato wachuluka, mtengo umagwa mpaka wina amaolera m'mbali mwa msewu, pamene m'masitolo a m'tauni tikugula tomato wam'chitini wochokera kutali. Abale, chimenechi tizichitcha chiyani?

Embangweni ndi Edingeni

Kuchoka pa Jenda kulowera kuzambwe mumafika ku Embangweni, mishoni ya CCAP ya Sinodi ya Livingstonia imene m'busa Donald Fraser adakhazikitsa mu 1902 n'kuitcha Loudon. Pali tchalitchi chakale cha njerwa, chipatala, ndi sukulu ya ana osamva. Patsogolo pake ndi ku Edingeni, kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Msewu wa Jenda-Edingeni wakhala nyimbo ya andale pa misonkhano ya kampeni kwa zaka zambirimbiri, ndipo mlimi wa kuno amadziwa bwino chomwe msewu woipa umachita pa mtengo wa thumba la soya: wogula amachotseratu ya matayala ake.

Kuno ndi dziko la ng'ombe, chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Mlimi akakhala yekha, venda wa sikelo ndiye amatchula mtengo, makamaka mwezi wa Epulo ndi Meyi pamene m'nyumba mulibe ndi ya mchere yomwe. N'chifukwa chake ena adalowa m'makalabu ndi m'makopaletivi, ena pansi pa bungwe la alimi ang'onoang'ono la NASFAM lomwe lidayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Akasonkhanitsa matumba awo pamodzi, wogula amabwera ndi ulemu. Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Apa ndisakubisireni, anzanga a sikelo: gulu la alimi limakuchepetserani phindu la pa kilo. Koma mlimi amene wagulitsa bwino ndi yemweyo amene mawa adzagule chitenje, mbale ndi nsapato za ana pa benchi lanu. Mukamufinya lero, mwafinya kasitomala wanu.

Pa boma

Tauni ya Mzimba ikukula, izi sizofunsa. Kalembera wa 1998 adapezapo anthu osakwana 14,000. Wa 2018 adapeza oposa 26,000. Nyumba za malata owala, zina za mipanda, zikumera mbali zonse. Mukafunsa mwini wake, kawirikawiri yankho ndi limodzi: ali ku Joni.

Ulendo wa ku Joni siwachilendo kuno. Azigogo adapita pa Wenela kukakumba m'migodi, ena osabwerako mpaka kutchedwa matchona. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu adaletsa kulemba anthu ntchitoyo, koma njira sidatsekeke. Lero anyamata ndi atsikana amapita okha, kukagwira ntchito za m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'mashopu, ndipo matransipota amayenda uku ndi uku ndi makalavani odzaza mpaka kumwamba.

Taonani zomwe zimatsika m'makalavaniwo: masofa, mabedi, makabati, njinga, mabulangete. Randi ija yavutikiridwa m'kuzizira kwa Johannesburg, koma theka lake latsala komweko m'sitolo ya eni dziko. Pamene kuseri kwa msika wa pa Mzimba kuli akalipentala odziwa kupala thabwa, owotcherera amene amapanga mageti, zitseko ndi mafelemu a mawindo, okhoma ndowa ndi mbaula, ndi atelala amene makina awo amangolira nyengo ya mayunifolomu basi. Bedi lopangidwa pano silifuna msonkho wa pa Mwanza kapena pa Dedza, silithyoka m'njira, ndipo mwendo ukagwedera, wolipanga mukumudziwa pomwe amakhala.

Kalipentalayo naye ali ndi dandaulo lake. Mtunda wosakwana tsiku kuchoka pa boma pali nkhalango ya Viphya, ya ku Chikangawa, mahekitala 53,000 a paini amene ambiri adabzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 poyembekeza fakitale ya mapepala yomwe sidamangidwe. Mu 1999 kampani ya Raiply idatenga fakitale ya matabwa ya kumeneko pamodzi ndi gawo la nkhalangoyo. Mbali ina yotsalayo idadyedwa ndi moto komanso kudula kosabzala, matabwa n'kumatuluka m'dziko ali osapala kupita kumayiko a kum'mawa kwa Africa. Mapeto ake mmisiri wokhala pafupi ndi nkhalango akugula thabwa modula ngati ali kuchipululu. Tidagulitsa mtengo, tikugula mpando.

Khofi wa mgwirizano

Kuti muone kuti zinthu zikhoza kuyenda mwina, yang'anani kumapiri a kum'mwera chakuvuma kwa bomali, mbali za kwa Inkosi Khosolo. Kumeneko kuli alimi a khofi wa mtundu wa Arabica a kopaletivi ya South East Mzimba. Kopaletiviyi ndi imodzi mwa eni ake a Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, pamodzi ndi anzawo a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay ndi Ntchisi.

Mbiri yake njophunzitsa. M'nthawi ya chipani chimodzi khofi wa alimi ang'onoang'ono adali m'manja mwa bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority, mlimi ntchito yake kulima ndi kulandira chomwe wapatsidwa. Matipate atabwera, mu 1999 bungwelo lidasanduka thirasiti ya alimi, ndipo mu 2007 lidakhala mgwirizano wa makopaletivi. Mlimi amathyola khofi wofiira, amapita naye kumakina osendera a m'dera lake komwe amatsukidwa ndi kuyanikidwa, kenaka amapita ku Mzuzu kukasankhidwa. Wambiri amagulitsidwa kunja n'kubweretsa madola. Wina amakazingidwa, kugayidwa ndi kuikidwa m'mapaketi olembedwa Mzuzu Coffee. Mwini paketi imeneyo si bwana wa ku London kapena ku Dubai. Ndi mlimi wa kwa Khosolo ndi anzake, amene amasankha okha atsogoleri awo.

Kuima pamodzi kotere anthu a kumpoto sadayambe lero. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, ndiye adayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda la ICU ku Cape Town mu 1919. Chakufwa Chihana, amene adamangidwa atangotsika ndege mu Epulo 1992 poitanitsa matipate, adali mtsogoleri wa mabungwe a antchito. Ngati mgwirizano udatha kugwedeza boma, ungalephere kugulitsa botolo la uchi?

Koma funsani funso ili: paketi ya khofi uja mungaipeze pa mabenchi angati a m'misika yathu? Imakhala m'masitolo akuluakulu, m'mahotela ndi pa bwalo la ndege, kudikira azungu. Chimodzimodzi uchi wa m'nkhalango ngati ya Perekezi, chiponde ndi mafuta ophikira a magulu a alimi. Katundu alipo, koma njira yake yofikira kwa venda palibe.

Malamulo okha sakwanira

Maboma ayesapo. Mu 2012 boma lidalamula amalonda akunja kuti azichitira malonda awo m'mizinda inayi yokha, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, pambuyo poti amalonda a ku Karonga adandaula za masitolo a Matchaina. Mu Malichi 2016 pulezidenti Peter Mutharika adakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ogwira ntchito m'boma n'kulimbikitsidwa kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu lililonse. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda, nduna ali Vitumbiko Mumba, udaletsa kuitanitsa kunja zinthu monga ufa, mpunga, mbatatesi, anyezi, uchi, chiponde, mipando ya matabwa ngakhalenso zotokosera m'mano. Tanzania idabwezera potseka chipata ku zokolola zathu mwezi wotsatira, mpaka mayiko awiriwa adachita kukhalirana pansi.

Tawerenganinso mndandandawo: mbatatesi, anyezi, uchi, chiponde, mipando. Zonsezi Mzimba ili nazo. Koma chiletso chimangotseka khomo la mlendo, sichinyamula thumba kuchoka kwa Khosolo kufika kwa Tsoka.

Ndipo inu amalonda simufunika kuuzidwa zomwe kudalira katundu wakunja kumachita. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa anthu ambiri udasungunuka usiku umodzi. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika adayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe chifukwa mtengo wa belo udakwera mosaneneka. Dola ikasowa, woyamba kulira ndi wa benchi. Dengu la anyezi wa pa Jenda silifunsa mtengo wa dola pa bulaki.

Nanga titani?

Venda aliyense adzakuuzani kuti iye sagulitsa mbendera, amagulitsa chomwe chikuyenda. Akunena zoona. Palibe angasunge katundu wosayenda chifukwa chokonda dziko, ana kunyumba akudikira ufa. Choncho opanga katundu nawo amve. Kasitomala wathu amagula za lero lokha: ka shuga ka pa supuni, ka mafuta ka m'chubu. Khofi kapena uchi ukangokhala m'paketi yaikulu, sudzatsika pa shelefu ya hotela. Pangani timapaketi ting'onoting'ono. Pezani chidindo cha a Malawi Bureau of Standards kuti wogula asakayike. Ikani malo opikulitsira pa Jenda ndi pa boma, ndipo mukalonjeza Lachiwiri, katundu afike Lachiwiri. Kalipentala amene wadya dipoziti n'kumathawa kasitomala miyezi itatu, ameneyo ndiye akutumiza anthu ku sofa ya ku Joni.

Amalonda nanunso muli ndi mphamvu yomwe simuiwerengera. Muli ndi makomiti a msika, zipeleganyu ndi mabanki m'khonde. Anthu khumi mutasonkha n'kukaoda limodzi kwa kopaletivi, mtengo wa thiransipoti ugawika ndipo wapakati achoka. Pa benchi lanu patulani kangodya ka katundu wakwathu, ndipo kasitomala akafunsa, muuzeni komwe wachokera ndi amene adapanga. Pakamwa pa venda pamagulitsa kuposa wayilesi.

Akhonsolo ya M'mbelwa, ndi makhonsolo ena onse, tikiti ya msika mumadula tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa. Ndalama imeneyo ibwerere ngati mashedi, zimbudzi, madzi ndi mosungira tomato. Ndipo mukafuna madesiki a sukulu kapena mayunifolomu a alonda, yambani mwafunsa amisiri a m'boma lanu musanaimbe lamya ku Blantyre.

A ku Joni, tikudziwa kuti nyuzipepala ino imakupezani. Tumizani ndalama, bedi akakhome mphwanu wa kuseri kwa msika.

Mwezi wa Ogasiti Angoni amasonkhana pa phiri la Hora ku mwambo wa Umthetho, ndipo anthu amachokera m'dziko lonse ndi kunja komwe. Amalonda amene simudafikeko ku Mzimba, imeneyo ndiyo nthawi yabwino yopatuka pa M1. Tengani thumba lopanda kanthu ndi kabuku kolembamo mitengo, mukacheze ndi alimi, amisiri ndi akuluakulu a makopaletivi, mukamve nokha zomwe angakupikulitseni. Juzi musaiwale, ku Mzimba kumazizira.