Kodi Malume Ndi Mbale?

Inshuwalansi ya ulendo imagulitsidwa ngati mankhwala okhazika mtima pansi, koma munthu akaiwerenga mofatsa amaona kuti ndi mndandanda wa masoka. Ndime iliyonse imatchula choipa chimodzi chimene chingamugwere wapaulendo ndi kuikapo mtengo wake: kudwala, kuthyoka mwendo, kuchotsedwa ntchito, kupsa kwa nyumba, kuitanidwa ku bwalo la milandu. Ife amene tidaleredwa ndi mwambo wakuti tsoka salitchula dzina, kuopa kuti lingamve n'kubwera, timawerenga zoterezi mokhala ngati tikuchita mwano. Komabe ndidaziwerenga, zikalata zitatu zathunthu, chifukwa ine ndi mayi a kunyumba kwanga tidapangana zokumbukira zaka 25 za ukwati wathu pa sitima yapanyanja.

Amene amakhala ku Durban kuno sitimazi amazidziwa. Zimafika nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka dzinja litatha, ndipo zambiri ndi za kampani ya MSC. Zimanyamula anthu zikwi kupita nawo masiku atatu kapena anayi ku gombe la Mozambique, ku chilumba cha Portuguese Island pafupi ndi Inhaca, kapena ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Ulendo wotere umasiyana ndi wa basi ya ku Blantyre, imene munthu ukhoza kugulira tikiti lero n'kukwera mawa. Chipinda cha m'sitima amasungitsiratu kukali miyezi yambiri. Umayamba wapereka dipoziti, kenako ndalama yonse yotsala tsiku lonyamuka lisanayandikire, ndipo kuchokera pamenepo chimene angakubwezere ukalephera chimanka nichichepa, mpaka m'masiku otsiriza sipakhalanso chobweza. Mpata umenewu, wa pakati pa tsiku lolipira ndi tsiku lokwera, ndiwo inshuwalansi yolepherera ulendo imati ikutseka.

Zambiri za m'zikalatazo ndidazimva msanga. Kampani ya sitima ikathetsa ulendo yokha, nkhani imakhala ya iwe ndi kampaniyo, ndipo inshuwalansi siiloweramo kwenikweni. Mu 2020, Diamond Princess itatsekeredwa pa doko la Yokohama ndi anthu 3,711, oposa 700 mwa iwo n'kupezeka ndi Covid-19, maulendo a sitima adaima pafupifupi dziko lonse lapansi, ndipo anthu ochuluka adalandira kalata yowalonjeza ulendo wina m'tsogolo m'malo mwa ndalama zawo. Za mphepo nazonso n'zomveka. Nyengo ya sitimazi ndi yomweyo ya anamondwe m'nyanja ya Mozambique: Idai adaphwasula Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy mu 2023 adayamba walowera cha ku Vilankulo, m'chigawo chomwecho cha Inhambane, asanabwerere kudzagumula mapiri a kummwera kwa Malawi. Woyendetsa sitima ali ndi mphamvu yolambalala doko lililonse ngati nyanja yakalipa, ndipo tikiti imanena zimenezi poyera. Pamwamba pa izi pali lamulo limodzi lomanga zonse: tsoka lodziwika kale silitetezedwa. Namondwe akangopatsidwa dzina, kugula inshuwalansi chifukwa cha iye n'kutaya ndalama.

Pamene ndidaima nthawi yaitali ndi pa ndime ya maliro. Zikalata zonse zitatu zidati zidzabweza ndalama ngati wapaulendo walephera kunyamuka chifukwa cha imfa kapena matenda aakulu a mbale wake wapafupi. Mawuwo ndi abwino. Koma chikalata cha inshuwalansi sichisiya mawu kuti aziyenda okha. Kumayambiriro kwake kumakhala tsamba lomasulira liwu lililonse, ndipo pamenepo m'pamene chibale chidalembedwa m'mizere. Chikalata choyamba, chimene chimabwera chaulere ukalipira ndi khadi la ku banki, chidatchula mkazi kapena mwamuna, ana, makolo, ndi obadwa nawo bere limodzi. Chachiwiri chidaonjezerapo agogo, zidzukulu, apongozi ndi alamu. Ndidayenda ndi chala mzere ndi mzere kufuna munthu mmodzi, ndipo m'zikalata ziwirizi munalibe.

Munthuyo ndi malume anga, mlongo wawo wa malemu mayi anga, amene ali kumudzi ku Dedza. Owerenga a m'chigawo chino safuna kuwafotokozera zambiri za udindo wa mtsibweni pakati pa Achewa. Ndiye mwini mbumba. Ndiye adandilipirira sukulu ya sekondale ndi ndalama ya mbatata ya kachewere, ndiye adakhala nkhoswe pa ukwati womwewu umene tikufuna kukumbukira, ndipo mayi atamwalira ndiye adaloza malo okumba manda. Tsiku limene adzatsikire kuli chete, ine sindidzakhala mlendo wodzapepesa pa siwa. Ndidzakhala mmodzi wa eni maliro, ndipo pali zinthu zimene sizidzachitika ndisanafike. Koma kwa amene adalemba zikalata ziwiri zija, iye ndi wachibale wakutali, wofanana ndi mnansi amene umangomutumizira uthenga wa chipepeso. Chimodzimodzinso mayi aang'ono amene adalera mkazi wanga: m'Chichewa ndi mayi basi, ndipo liwu lina lowatchulira palibe, koma m'chikalata sadawerengedwe.

Sindikuti olembawo ndi anthu oipa mtima. Ntchito yawo ndi kuwerengera kuti mwa anthu chikwi ogula, ndi angati amene adzabwere kudzafuna ndalama, ndipo kuti awerengere bwino ayenera kudula malire penapake. Adadula potsata banja limene iwo akulidziwa, la bambo, mayi ndi ana m'nyumba imodzi. Banja lathu likadalowa lonse, mtengo ukadakwera, pakuti munthu wa mbumba yaikulu sangathe chaka osaitanidwa ku maliro. Chimene chimandivuta n'chakuti malirewo amalembedwa ngati kuti ndi chilengedwe, osati chisankho cha anthu ena a kwinakwake. Ndiponso si zoona kuti ife inshuwalansi sitiidziwa. Amalawi a ku migodi ya Johannesburg ndi m'makomboni a Harare akhala akusonkha ndalama m'magulu a maliro kwa mibadwo ingapo, kuti mnzawo akafa mtembo upite kwawo kapena uikidwe mwaulemu. Imeneyo ndi inshuwalansi ndithu, ya buku ndi msungichuma wake. Kusiyana kwake n'kwakuti m'magulu amenewo funso lakuti mbale ndani limayankhidwa ndi anthu odziwana.

Mbiri ya malonda amenewa idayambira pa madzi pomwepo. Chikalata cha inshuwalansi ya sitima chimene ambiri amati n'chakale kwambiri mwa zimene zidasungika chidalembedwa ku Genoa mu 1347, ndipo msika wa Lloyd's ku London udamera m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd cha m'ma 1688, kumene eni sitima ankakumana ndi anthu olola kusenza tsoka la anzawo pa mtengo. Mwa katundu amene ankatetezedwa motero munali makolo a anthu a kuno. Mu 1781 amalinyero a sitima ya akapolo yotchedwa Zong adaponya m'nyanja Aafirika oposa 130 amoyo, ndipo eni sitimayo adakasuma kuti alipidwe monga mwa katundu wotayika. Mlanduwo udafika pamaso pa woweruza Lord Mansfield mu 1783. Sindikufanizira dandaulo langa laling'ono ndi zoopsa zimenezo. Ndangozikumbuka chifukwa tsamba lomasulira mawu, limene anthu ambiri amalidumpha, lakhala kuyambira kalekale malo amene amagamulirapo kuti munthu uyu awerengedwa monga chiyani.

Mansfield yemweyo ndiye adakhazikitsa, pa mlandu wa Carter ndi Boehm mu 1766, mfundo yakuti wogula inshuwalansi ayenera kuulula zonse zimene akudziwa zokhudza tsoka limene akufuna kutetezedwa nalo. Mfundoyo idandipeza pa chikalata chachitatu, chokwera mtengo kuposa zinzake, chimene chokha chidatchula abale a mayi ndi a bambo. Nditaona malume alowamo ndidapumira m'mwamba. Koma masamba awiri kutsogolo kwake kunali ndime ya matenda akale, ndipo idanena kuti ikukhudza wapaulendo pamodzi ndi mbale aliyense wotsala kunyumba amene ulendowo ungalephereke chifukwa cha iye. Malume ali ndi zaka zoposa 80, amadwala shuga, ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndidaimbira foni ofesi ya kampaniyo n'kufotokoza zonsezi osabisa kanthu. Mayi amene adandiyankha adali waulemu, ndipo adanena mosazungulira. Malume akagundidwa ndi njinga yamoto, ndalama zibwera. Akamwalira ndi nthenda imene akudwalayi, sizibwera.

Tsono chikalata chokhacho chimene chidavomera kuti malume ndi mbale wanga chidavomera imfa yawo iliyonse kupatula imene ndikuiopa. Kuli mtundu wina wa inshuwalansi, wofala makamaka ku America, umene umalola munthu kusiya ulendo pa chifukwa chilichonse, ngakhale kungogwa ulesi. Koma umabweza theka kapena magawo atatu mwa anayi okha, uyenera kugulidwa pasanathe masabata awiri kapena atatu chiperekere dipoziti, ndipo umafuna kuti unene kukali masiku awiri. Maliro sapereka masiku awiri.

Mayi a kunyumba adamvetsera zonsezi akusita zovala, kenako adati, "Bambo a Chikondi, foni ikalira muli pa doko mudzakwera sitimayo?" Ndidati ayi. "Nanga chikalatacho chikakana kulipira mudzakwera?" Ndidatinso ayi. Iwo sadaonjezere kanthu.

Tidagula chachitatucho, ndipo chimene chidatikopa ndi ndime zina. Chipatala cha m'sitima n'cholipira, ndipo thandizo la zachipatala limene timadula mwezi ndi mwezi silifika kutali munthu akatuluka m'dziko. Pomene ndi kamtunda ka mchenga kotalikirana ndi chipatala chachikulu chilichonse, ndipo kumunyamula wodwala kuchokera kumeneko pa ndege kukhoza kudya ndalama yoposa ya ulendo wonse kangapo. Ifenso tafika msinkhu woti mmodzi wa ife akhoza kudzuka ndi nthenda yatsopano sabata yonyamukira. Pa zimenezi chikalatacho chimalankhula momveka. Ndalama ya chipinda chathu m'sitima, pa nkhani ya malume yokha, tidaiona ngati mbewu yofesedwa mvula isanatsimikizike.

Lamlungu lotsatira ndidawaimbira malume monga mwa chizolowezi. Za inshuwalansi sindidatchule. Palibe njira yaulemu youzira munthu wamkulu kuti wakhala sabata yonse ukufunsa mtengo wa imfa yake. Ndidangowauza kuti mu Januwale tikukwera sitima ya pa nyanja yamchere. Adafunsa ngati ndi yaikulu kuposa Ilala, imene adakwerapo kamodzi ali mnyamata kupita ku Nkhata Bay, ndipo nditati Ilala ikhoza kuoneka ngati bwato pambali pake adaseka mpaka kutsokomola. Kenako adati, "Pita, mphwanga, ukaone. Koma ukanditungire madzi a m'nyanjamo m'botolo, akuti amathandiza miyendo. Usadzapatsire a basi, udzabwere nawo wekha."