Mphika Wolankhula

Akuluakulu a m'dziko la Asoli akumbukirabe caka ca 1949, pamene wailesi yochedwa Saucepan Special inayamba kulowa m'midzi. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, ndiye anapempha kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yoti mlimi angathe kugula. Ndipo inafika yoburungira ngati mphika, mtengo wace mapaundi 5, batire yace masheleni 25. Mwa iyo anthu anamva Alick Nkhata alikuyimba ku Lusaka.

Patapita zaka 75, m'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima tsiku ndi tsiku, mnyamata wina wa kwa Nkomeshya, kufupi ndi Chalimbana, anangokhala pamudzi atatsiriza sukulu, nchito osaipeza. Agogo ace aamuna, amene makutu ao anayamba kugontha, anali kuvutika mtima posamva nkhani za mvula ndi za cimanga ca cithandizo, pakuti mau a wailesi ya m'foni anali ocepa.

Tsono mnyamatayo anatsimikiza mtima kupanga cokuzira mau, cimene amisiri acicha amplifier. Ku Lusaka anagula kacipangizo ka miyendo 8 kochedwa LM386, ndipo sipika ndi makapasita anazicotsa m'wailesi yakufa. Kacipangizoka kakuza mau kakhumi kawiri, koma pakati pa mwendo wa 1 ndi wa 8 pakaikidwa kapasita ya mamaikrofaradi 10 kawakuza ka 200. Mphamvu yace siifika wati imodzi, ndipo pokhala cete kamadya mamiliampu 4 okha. Cotero mabatire anai a toci, ndiwo mavoti 6, akhalitsa. Posowa magetsi, anaocha msomali waukulu pambaula, nasungunula nao mtobvu wolumikizira mawaya.

Tsiku loyesa, ana atasonkhana, cinthuco cinangoti phu! phu! phu! ngati cigayo, ndipo onse anafa naco ciseko. Agogo anati, "Mdzukulu wanga, ndalama za ufa wazitaya kodi?" Iye anayankha, "Pepani agogo, mundipatse masiku awiri." Atabwerera ku mabuku ace anapeza colakwa: panasowa kapasita pakati pa mwendo wa 6 ndi wa 4, yoletsa mphamvu ya mabatire kugwedezeka. Ataiika, phokoso linatha, koma mau anali oonda, cifukwa mpweya wokankhidwa kutsogolo kwa sipika unali kuthawira kumbuyo kwace. Pamenepo anatola mphika wakale wobooka, natseka nao kumbuyoko, ndipo mau ananenepa.

Madzulo ace nkhalambayo inachera khutu, nimva nkhani zonse kufikira mathero ace. Inagwira mphikawo ndi manja awiri, niti, "Wotere ndinauona ndiri mwana."

Ambiri otsiriza sukulu ayesa kuti maphunziro ao afa ngati sanalembedwe nchito muofesi. Koma masamu ndi sayansi za m'kalasi ndizo zinamthandiza mnyamatayu kupeza pamene panalakwika. Ndipo lero a m'midzi yoyandikana amtengera mawailesi ao akufa. Anaona patali akale ponena kuti kanthu n'khama, phwiti anakwata njiwa.