Msana wa Mphunzitsi ndi Maseŵera a Yoga

Zaka 30 ndakhala ndikuimirira pa bolodi ndi choko m'manja, ndipo Loŵeruka lililonse njinga imanditengera m'midzi ya kuno ku Edingeni kukacheza ndi odwala a m'dera langa. Thupi linapirira kufikira chaka cha 2022, pamene msana unayamba kundikana. Kuŵerama kuti ndione kope la mwana wa Sitandade 2 kunasanduka ntchito yoŵaŵa, ndipo ndinaopa kuti ndidzasiya sukulu nthaŵi yopuma isanakwane.

Mwana wanga wamkazi, amene ali ku Johannesburg monga ana ambiri a boma lino la Mzimba, atabwera pa Khirisimasi anati, "Adada, yesani yoga." Iye atabwerera, ndinatsegula kanema pa lamya ndi kuyamba kutsanzira anyamata amene anali kudumpha ndi kudzipinda ngati nsungwi zaziŵisi. Tsiku lachitatu ndinalephera kudzuka pamphasa. Amayi a kunyumba anandidzutsa akuseka, ndipo sabata lonse ndinaphunzitsa ndili chikhalire.

Pamenepo mpamene ndinadziŵa kuti yoga si imodzi ayi. Mawu ameneŵa ndi a chilankhulo chakale cha ku India, ndipo muzu wake ndi kumanga pa goli. Ife a kuno, oŵeta ng'ombe, tidziŵa kuti goli la nkhunzi yaing'ono yamphamvu silimangidwa pa ng'ombe yokalamba. Chimene ndinatsanzira chija chinali Ashtanga, imene anaifalitsa K. Pattabhi Jois wa ku Mysore. M'menemo munthu achoka pa kaimidwe kena kunka pa kena mosapumula, motsata ndondomeko yosasintha. Iyenera achinyamata a mafupa olimba, osati mphunzitsi wa imvi.

Mtundu umene unandithandiza ndi wa B.K.S. Iyengar, amene anaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi ndi Jois. Munthuyu pa ubwana wake anali wodwaladwala, malungo ndi chifuwa chachikulu zinamsautsa, komabe anamwalira m'chaka cha 2014 ali ndi zaka 95. Ku sukulu yake ya ku Pune analola ophunzira kutsamira pa mpando, pa khoma, pa timatabwa ndi pa mabulangete, ndiponso kukoka mwendo ndi lamba pamene dzanja silifika. Cholinga chake ndi kuti fupa lililonse likhale pamalo pake, ngakhale munthu apite pang'onopang'ono. Ine timatabwa ndilibe. Ndimagwiritsa ntchito njerwa ziŵiri zootcha, mpando wa pa tebulo, ndi chitenje chakale cha amayi m'malo mwa lamba. Ndisanayambenso ndinakafunsa ku chipatala cha ku Embangweni, ndipo anandichenjeza kuti pamene pabaya ndileke pomwepo.

Ilipo ina yotchedwa Yin, ya pansi pokhapokha, imene munthu akhala m'kaimidwe kamodzi mphindi 3 kufikira 5. Imeneyi amaikonda amayi akachoka kumunda. Ilipo inanso ya Bikram, ya makaimidwe 26, yochitikira m'chipinda chotenthetsedwa kufika madigiri 40 kwa mphindi 90. Odwala mtima, othamanga magazi ndi amayi apakati ayenera kuipewa. Koma ife amene timagalauza m'mwezi wa Okutobala sitingalipe ndalama kuti tigule thukuta.

Tsono nkhani inafika m'makutu a mkulu wa mpingo mnzanga. Anandiimitsa titatuluka m'tchalitchi nati, "Aphunzitsi, kodi si kupembedza kwa Ahindu kumeneko?" Funsoli sindinalipeputse, pakuti nzoona kuti yoga inamera m'chipembedzo cha ku India, ndipo mitundu ina, monga Kundalini, ili ndi mawu obwerezabwereza onga mapemphero. Ndinamuyankha kuti sinditchula mawu amene sindidziŵa tanthauzo lake, ndi kuti mayendedwe aja otchedwa kulonjera dzuŵa ndinawasiya dala, popeza chikumbumtima changa sichinawalandire. Chimene ndinatenga ndi kuwongola minyewa ndi kupuma mofatsa basi. Iye sanakhutire, ndipo kufikira lero tisiyana maganizo, ngakhale timakhala pa benchi limodzi.

M'maŵa uliwonse, belu la sukulu lisanalire, ndimaika njerwa zanga pakhonde kwa mphindi 20. Ululu sunatheretu, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, koma kope la mwana ndimaliona nditaŵerama ndekha. Mlungu wathawu mnzanga uja anadandaula za mabondo ake, nandifunsa monong'ona ngati za mpando zija zili ndi mawu otchula. Ndinati zilibe. Sanabwerebe.