Mau a mwini ndi mau a mthenga

M'midzi yambiri ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, mwana amene wafika ku sekondale amasanduka kamwa la banja lonse. Ikabwera kalata yocokera ku ofesi ndiye amawerenga, ndipo likafunika yankho ndiye amagwira colembera. Makolo amanena m'Cinyanja, iye nalemba m'Cingerezi, pakuti cimeneci ndico cilankhulo ca maofesi, ndipo kuyambira mu 1966 cinakhalanso cophunzitsira ana kucokera pa Giredi 1, kufikira mu 2014 pamene Boma linabwezera zilankhulo za kwao m'makalasi anai oyamba. Nchito yonyamula mau a wina m'Cingerezi aphunzitsi amaicha reported speech. Ana ambiri amaiyesa kanthu ka pa mayeso cabe.

Kunyamula mau si kwacilendo kwa Acewa. Ankhoswe amanyamula mau a banja lina kupita nao ku banja lina. Nduna imafikitsa mau a mfumu kwa anthu. Ndipo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'mwezi wa August, mafumu a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzafotokozera Kalonga Gawa Undi za anthu ao. Cida ca mthenga ndi kamau kamodzi: kuti, akuti, anati. Mthenga akhoza kunena kuti, "Anati ndibwera mawa," ndipo palibe angaganize kuti wobwerayo ndi mthengayo, cifukwa liu lake limasintha, dzanja limaloza, ndipo omvera akudziwa kale nkhaniyo. Tsono pepala lilibe liu, lilibenso dzanja.

Mai ena amasiye a kwa Mfumu Pembamoyo ku Vubwi anaziwona zimenezi. Amuna ao asanamwalire anawauza pamaso pa akulu awiri a m'mudzi kuti, "Ng'ombe ziwiri zolimira zija ndi zanu." Maliro atatha, banja linasankha mwana wa mlongo wa malemu, amene amagwira nchito ku Kitwe, kuti ayang'anire cuma ca masiye. Iye analemba kalata ya Cingerezi kufunsa katundu yense, popeza mndandandawo unali woti ukawonekere ku khoti. Maiwo anaitana mdzukulu wao, mtsikana wa Giredi 9, namkhazika pa mphasa.

"Lemba kuti, amuna anga anati ng'ombe ndi zanu," anatero agogowo.

Mtsikanayo analemba mwaukhondo, osaphonya ngakhale cilembo cimodzi: My husband said that the oxen are yours. Anawerengera agogo ake, nawamasulira mau ndi mau, ndipo iwo atamva "ndi zanu" anavomera, nadinda cala cao pansi pa kalatayo.

Pamene kalata inali pa njira, liu lakuti yours linasintha mwini. Pa mphasa ya wodwala linali kuloza mkazi wake. Ku Kitwe linaloza amene anatsegula envulopu. Mwamunayo anabwera m'mwezi wa November kalata ili m'thumba, kudzatenga ng'ombe zimene amai ake aang'ono omwewo, mwa cala cao, anavomera kuti nzake. Nkosayenera kumucha wolanda cuma ca masiye, ngakhale olanda alipo ndithu: iye anawerenga zimene zinalembedwa. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo limagawa cumaco motere: pa magawo 100 alionse, 50 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Koma cimene munthu anapatsa mnzake akali moyo sicilowa m'cuma cogawidwaco, kotero mlandu wonse unatsamira pa liu limodzi lija.

Anthu anakhala pa bwalo la anyakwawa katatu. Masiku onsewo ng'ombe zinali kungodya msipu, pakuti palibe analimba mtima kuika goli pa ng'ombe za mlandu, ndipo mvula yoyamba inagwa niuma. Pa tsiku lacitatu mphunzitsi wina wopuma pa nchito anapempha kalatayo, naiwerenga kawiri, napempha maiwo abwereze zimene anauza mdzukulu wao. Atamva analemba mizere iwiri kuseri kwa envulopu. Woyamba unali My husband said, "The oxen are yours." Waciwiri unali My husband told me that the oxen were mine. Anafotokoza kuti Cingerezi cili ndi njira ziwirizi, ndi kuti mwanayo anaponda mwendo umodzi m'njira iyi ndi wina m'njira iyo. Akulu awiri aja anacitira umboni, ng'ombe zinatsala. Cimanga cinabzalidwa Khirisimasi itayandikira, ndipo caka cimeneco nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe.

Njira yoyamba ndi yosunga mau a mwini monga anatulukira pakamwa, nkuwatsekera ndi timizere tiwiri uku ndi uku. Timizereto ndito liu ndi dzanja la mthenga. Njira yaciwiri ndi yakuti wolemba aimirire pamene iye ali, nasunthe zonse kuti ziwoneke kucokera pamenepo. Munthu asunthe: I akhale he kapena she, yours akhale mine kapena hers, malinga ndi amene ali kulankhula tsopano. Malo asunthe: here akhale there. Mneni abwerere m'mbuyo: is akhale was, will akhale would. Funso nalo limataya maonekedwe a funso, kotero "Where do you live?" limakhala He asked her where she lived.

M'makalasi nthawi yambiri imathera pa mneni, ndipo inki yofiira imagwa pa is ndi was. Kunena zoona, cholakwa cimeneco sicinalandepo munthu ng'ombe. Angerezi eni ake amasiya mneni osamsuntha ngati cinanenedwaco cikali coona. Pamene pamapweteka ndi pa timau toloza anthu, ndipo apa mwana wa Cinyanja ali ndi misampha yake iwiri imene mabuku olembedwa kutali saidziwa. Woyamba ngwakuti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, kotero he ndi she amasinthana m'kalata imodzi, mpaka wowerenga sadziwanso kuti anamenya ndani, anamenyedwa ndani. Waciwiri ndi ulemu. Mwana woleredwa bwino sanganene kuti "agogo wabwera". Amati "agogo abwera," ndipo pofuna kusunga ulemuwo amalemba They said they would come. Kalaliki wa ku boma amayembekeza gulu la anthu, nkufika nkhalamba imodzi ndi ndodo yake. Pa mlandu wa malire a munda, they ameneyo akhoza kusandutsa mau a munthu mmodzi kukhala cipangano ca mudzi wonse. Mwana wozindikira amabwereza dzina kapena udindo wa munthuyo, my grandmother, the headman, ngakhale ciganizo cilemere.

Palinso mau a nthawi. "Mawa" amene wodwala anauzidwa Lolemba sakhalanso mawa uthengawo ukafika kumudzi Lacinai. Buku limati tomorrow akhale the next day, yesterday akhale the day before, ndipo pa mayeso zimenezo nzokwanira. Koma wowerenga kalata adzafunsabe kuti tsiku lotsatira lake la tsiku liti. Ana amene anakhalako ku Lusaka amawonjezapo vuto, cifukwa kumeneko "mailo" ndi dzulo, ndiponso ndi mawa.