Zimene George Bailey Anataya

Ntchito yanga ndi yolemba nkhani za mafilimu, ndipo achinyamata amene ndimawaphunzitsa lusoli amakonda kuthamangira misozi ya kumapeto. Ndimawakhazika pansi, pensulo m'manja, n'kuwaonetsa It's a Wonderful Life, filimu ya Frank Capra ya 1946. Ndimawauza kuti alembe chilichonse chimene George Bailey akutaya.

Ali mwana anavuula mng'ono wake Harry m'madzi ozizira, khutu lamanzere n'kugontha. Atakonzeka zokaona mayiko, bambo ake anamwalira, iye n'kutsala m'tauni ya Bedford Falls ndi kabungwe kokongoza anthu ndalama zomangira nyumba. Ndalama zake za sukulu anapatsa Harry. Tsiku la ukwati wake anthu anakhamukira kudzatapa ndalama zawo, ndipo madola 2,000 amene iye ndi mkazi wake Mary anasungira ulendo wawo anathera pomwepo. Zonsezi zimadya nthawi yoposa theka la filimuyo, mngelo Clarence wodzapulumutsa George asanaponde n'komwe pansi pano. Ena amati Capra anachedwetsa nkhani. Ine ndimaona mlimi amene akudzala mofatsa.

N'chifukwa chake madola 8,000 akasowa m'manja mwa Billy, mbale wa bambo ake, tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, woonera amadziwa kale kuti George alibenso choti n'kupereka. Apa ndimaimitsa filimu. James Stewart, amene akusewera ngati George, amalowa m'nyumba, amakumbatira mwana misozi ili mbwembwembwe, posakhalitsa akukalipira ana omwewo n'kuphwanya zinthu, banja lonse lili kakasi. Wolemba wamantha akanachotsa gawo limeneli poopa kuti anthu adana naye George. Koma popanda mkwiyo umenewu, ndani akanakhulupirira kuti munthu wabwino chonchi angaime pa mlatho akuganiza zodziponya mumtsinje?

Palinso kanthu kakang'ono kamene ndimakasirira. Kamutu kathabwa ka pa chogwirira cha masitepe kamazuka George akakagwira. Poyamba timaseka, kenako amafuna kukagenda ndi mkwiyo, pomaliza amakapsompsona. Palibe amene amakafotokoza ndi pakamwa.

Ophunzira anga sachedwa kufunsa kuti, "Nanga Potter bwanji?" Zoonadi, Potter, mdani wa George, ndiye amabisa ndalama zija, ndipo filimu imatha asanagwidwe. Capra anasiya kamera pa anansi amene akukhuthula ndalama zawo patebulo, ambiri mwa iwo ndi nkhope zimene tinaziona kale George akuzithandiza.