Paipi Yong'ambika ndi Ndalama za Cimanga

Nkhani imene tifuna kukusimbirani ndi ya m'nyumba mwathu, ndipo tazengereza miyezi yambiri tisanailembe, pakuti muli manyazi athu. Ndife banja la anthu awiri opuma pa nchito, okhala mu Lusaka. Ana onse anakula nakamanga mabanja ao. Titalandira ndalama za penshoni m'caka ca 2021, tinapangana kugula galimoto. Anzathu ambiri amagula magalimoto a ku Japan ogwirapo kale nchito, aja olowera pa Nakonde kucokera ku doko la Dar es Salaam, amene masipeya ake sabvuta kupeza. Ife tinakhumba ya ku Ulaya, yoyendera dizilo, ya mipando ya cikopa. Inali itayendako kale zaka zingapo, koma inali kung'animabe. Tinati pakati pathu: zaka zonsezi takhala tikupanikizana m'maminibasi, nafenso tikhaleko bwino tisanafe.

Kwa zaka ziwiri inatitumikira mosadandaulitsa. Tsono kumapeto kwa 2023, tsiku lina tikucokera ku Chongwe, kanyale kacikasu kanayaka patsogolo pa ciwongolero, ndipo galimoto inafooka ngati ng'ombe yolima tsiku lonse osamwa madzi. Pamalo osalala inali kuyenda ndithu, koma pa citunda ciriconse inali kukokera, nkumatulutsa utsi wakuda kumbuyo. Mphwathu wina anatilangiza kuti galimoto yotere siipita kwa makanika wa pansi pa mtengo. Malo ake ndi kwa eni ake amene amagulitsa zatsopano za mtundu womwewo. Tinamvera, ndipo kunena zoona tinakondwa kumvera.

Amene simunalowepo m'nyumba zotere, dziwani kuti simufanana ndi galaja imene muidziwa. Zipupa ndi magalasi okhaokha, pansi mpoterera, palibe dontho la oilo, palibe phokoso la nyundo. Mnyamata wobvala tayi anatilonjera mwaulemu: "Atate, Amai, takulandirani. Khalani apa, tiyi akubwera." Anatenga makiyi, nalemba dzina lathu ndi nambala ya galimoto, natipatsa pepala kuti tisaine. Tinayamba kumufotokozera za utsi ndi za kamluzu kena kamene tinali kumva tikaponda kwambiri mafuta, koma iye anamwetulira nati, "Musabvutike, kompyuta itiuza zonse." Galimoto inalowa pa citseko cacikulu cimene makasitomala saloledwa kupitirirapo. Maulendo onse atatu amene tinapita kumeneko sitinaonepo nkhope ya munthu amene anagwira sipanala pa galimoto yathu. Pakati pa iye ndi ife panali desiki ndi mnyamata wa tayi.

Ulendo woyamba anati kacipangizo koyeza mpweya wolowa m'injini kafa. Anaika katsopano, nasinthanso masefa onse. Tinalipira K11,400, kuphatikizapo mtengo wa kulumikiza kompyuta, maola a nchito ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti. Anatibwezera galimoto yotsukidwa, yonunkhira, kanyale katazima. Patapita masiku asanu ndi limodzi kanayakanso.

Ulendo waciwiri anati tsopano bvuto laoneka bwino: ndi valavu imene imabweza utsi wina m'injini. Sipeya yake inalibe m'sitolo mwao, inayenera kuitanitsidwa ku South Africa. Tinadikira masabata asanu, galimoto iri kwa iwo, ife tabwerera ku maminibasi aja tinawatsanzika. Itafika sipeyayo, mtengo unali utakwera kuposa umene anatiuza poyamba, cifukwa, anatero, masipeya amagulidwa ndi madola. Apa sananame. Amene mukumbukira caka ca 2013, pamene anacotsa maziro atatu pa ndalama yathu, mudziwa kuti dola imodzi inali pafupifupi K5; m'caka ca 2024 inapitirira K25. Tinalipira K19,800. Ulendo uno kanyale kanapirira masiku anai okha.

Pambuyo pake tinaphunzira zimene tikadayenera kudziwa tisanasaine pepala loyamba. Magalimoto a masiku ano ali ndi kabowo pansi pa ciwongolero kolumikizirapo makina owerengera zolakwika. Ku America anakakamiza zimenezi kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya zinatsatira zaka zocepa pambuyo pake. Makinawo amaonetsa nambala, ndipo nambala imene inalembedwa pa mapepala athu onse inali P0299. Tanthauzo lake ndi lakuti mpweya umene turbo imakankhira m'injini ukufika wocepa mphamvu. Basi. Nambalayo sinena cifukwa cake. Iri ngati cipangizo coyezera kutentha kwa thupi kucipatala: cimakuuzani kuti mwana watentha, koma kuti ndi malungo kapena cibayo, ndi nchito ya sing'anga kufunsa, kukhudza ndi kumvetsera. Ife tinali kulipira anthu amene, monga momwe tionera tsopano, anali kuwerenga nambala nkusintha cinthu cimodzi cimodzi pa mndandanda wa zokaikitsa, kuyambira cotsika mtengo kunka ku cokwera, ndi ndalama zathu.

Ulendo wacitatu anafika pa cokwera mtengo kuposa zonse. Mnyamata wa tayi anatsitsa mau ngati munthu wolengeza maliro: turbo yonse yatha, yatsopano ndi K68,000. Tinapempha kuti ationetse masipeya akale amene anacotsa, anati anatayidwa. Tinafunsa ngati atibwezerako kanthu pa nchito ziwiri zimene sizinacize kanthu. Anati zonse zimene anasintha zinali zotha kale, zikadatibvutabe m'tsogolo. Tinalembera kalata mkulu wa pamalopo, ndipo yankho linabwera ndi mau omwewo, m'Cingerezi cosalala. Tinali kudziwa kuti kuli bungwe la boma loteteza ogula, Competition and Consumer Protection Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2010. Koma titayala mapepala athu pa thebulo, tinapeza kuti pa liri lonse panali saini yathu, pansi pa timalemba ting'onoting'ono tobvomereza nchitoyo ndi mtengo wake. Palibe pamene tinauza iwo kuti alembe lonjezo lakuti bvuto likabwerera adzakonza ulere. Safunsa anadya phula. Tinatenga makiyi athu, tiyi osamumwa.

Zikadakhala ndalama zosungira zosangalatsa, bwenzi tikungoseka lero. Koma cinali caka ca cilala. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo cimanga cinali citapserera m'minda m'zigawo zambiri. Ku Petauke tiri ndi Amai okalamba, amene kwa mmodzi wa ife ndi omubereka, kwa wina ndi apongozi, ndipo amasunga adzukulu anai amasiye. Caka cimeneco nkhokwe yao inalibe kanthu. Ndalama zoposa K31,000 zimene tinasiya m'nyumba ya magalasi ija zinacokera m'thumba lomwelo limene tinali kusungira iwo. M'nyumba mwathu munalowa cete woipa. Wina anali kuganiza za amene anayamba kukhumba mipando ya cikopa, mnzake za amene anasaina osawerenga, ndipo tonse tinali olakwa mofanana.

M'mwezi wa June tinati zibvute zitani tipite, ngakhale pa liwiro la kamba. Tinapakira matumba asanu ndi limodzi a ufa, ndiwo amene tinakwanitsa, tinyamuka mbandakuca kutsata mseu wa Great East. Kucokera ku Lusaka kufika ku Petauke ndi pafupifupi makilomita 400. Pa mapiri a Manenekela malole odzaza katundu anali kutipitirira, madalaivala akutiyang'ana ndi cisoni. Tinapumira pa mlatho wa Luangwa pamene amai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, tinakwera citunda ca ku Kacholola mtima uli m'mwamba, ndipo pofika pa Nyimba dzuwa litapendeka tinaona kuti kupitiriza motero ndi kuyesa tsoka. Mnyamata wogulitsa nthoci anatilozera kwa makanika wina kuseri kwa masitolo.

Anali bambo wa imvi, ovololo yothimbirira, galaja yake mthunzi wa malata anai. Asanatsegule boneti anatifunsa: "Amai, Atate, kodi imalira bwanji ikamafooka?" Pa miyezi isanu ndi iwiri, uyu anali munthu woyamba kutifunsa funso limeneli. Tinamuuza za kamluzu kaja. Anagwedeza mutu, nauza mmodzi wa ife kuti aponde mafuta mwamphamvu, iye atatsamira pa injini, khutu lili cheru. Kenaka anagona pansi pa katoni, nalowetsa dzanja kumene maso safika. Dzanjalo linatuluka lakuda ndi oilo. "Bwerani muone," anatero. Pa paipi yaikulu ya labala yocokera ku cipangizo coziziritsa mpweya, kunsi kwake, panali mng'alu wotalika ngati cala. Injini ikamayenda pang'onopang'ono mng'aluwo unali kutsekeka wokha, osaoneka. Koma pa citunda, turbo ikakankha mpweya mwamphamvu, unali kuyasama, mpweya nkumathawira panja. Injini inali kulandira dizilo wokwanira ndi mpweya wosakwanira, ndiye utsi wakuda uja, ndipo kompyuta ya m'galimoto inali kucepetsa dala mphamvu kuti iteteze injini. Turbo inalibe mlandu uliwonse.

Anakulunga paipiyo ndi labala ya cubu cakale ca njinga, namanga ndi waya, naticenjeza kuti zimenezi nzongotifikitsa kumudzi ndi kubwerera. Tikagule paipi ina. Anapempha K200. Tinacita manyazi kumupatsa yokhayo. Titabwerera ku Lusaka paipi tinaipeza pa K900 kwa ogulitsa masipeya a magalimoto ophwasulidwa, ndipo kanyale kaja sikanayakenso kufikira lero.

Sitifuna kunamizira anthu. Nyumba za magalasi zija ziri ndi zolipira zao: lendi, makina odula, maphunziro a anchito, misonkho. Ziliponso nchito, monga za makiyi a magetsi ndi za kompyuta ya magiya, zimene bambo wa ku Nyimba sakadazitha, ndipo si makanika aliyense wa m'mbali mwa mseu amene ali woona mtima. Ena tinawamvapo akuba masipeya abwino nkuika otha. Mtengo wokwera tikadaupirira ukadakhala mtengo wa kucira. Cimene citiwawa ndi cakuti tinalipira kuyerekeza kwa anthu ena pa mtengo wa ukatswiri, ndipo pamene kuyerekezako kunaphonya, cotayika conse cinagwera ife, iwo osatayapo ngakhale ngwee imodzi. Citiwawanso kuti tinabwererako kaciwiri ndi kacitatu, osati cifukwa anali atatithandiza, koma cifukwa tinali kukonda kuchedwa Atate ndi Amai pa mipando yofewa ija.

Paipi yong'ambikayo tinaiika m'pulasitiki nkupita nayo kwa mnyamata wa tayi. Anaitembenuza ndi nsonga za zala, nati mapaipi a labala amatha okha ndi ukalamba, mwina inang'ambika titacoka kale kwa iwo. Kenaka, mwaulemu wake wa nthawi zonse, anatilonjeza kuticotserako pang'ono pa mtengo tikadzabweretsanso galimoto ku sevisi.

Koma cimene sicicoka m'mitima mwathu ndi madzulo aja tinafika ku Petauke. Adzukulu anatsitsa matumba, ndipo Amai anawawerenga ndi ndodo yao, limodzi limodzi, mpaka asanu ndi limodzi. Ife tinali kudziwa kuti akadakhala makumi angapo. Iwo sanali kudziwa. Anagwada movutikira, naomba m'manja kutithokoza. Atadzuka anazungulira galimoto pang'onopang'ono, nasisita citseko ndi cikhatho cao, nati, "Ana anga, Mulungu anakudalitsani ndithu. Mawa mukanditengereko ku chalichi, anzanga akandione."