Khasu Lakutha Silitayidwa

Abale, m'nkhalango ya Kasungu mukali ng'anjo zakale m'mene makolo athu anali kusungunula chitsulo. Nchito yache inali yowawa, yakudya makala ambiri. Chifukwa chache khasu likatha sanali kulitaya, koma anamuka nalo kwa wosula, nalisandutsa kambwiri, mpeni kapena mubvi.

Ife aphunzitsi tiona kuti nzeru imeneyi irinkutayika. Mitengo yachepa ndi zigafa za fodya, ndipo kudzala kwadzaza zitini ndi majumbo. Boma linaletsa majumbo opyapyala m'chaka cha 2015, popeza saola m'nthaka, ndipo mbuzi zikawadya zifa.

Tsono tiphunzitse ana athu kuyang'ana kawiri asanataye kanthu. Chitini chabwino chisanduke koloboyi. Chobooka tifesemo mbeu za mitengo. Tayala lakutha litipatse nkhwaira, ziguduli zisokedwe zikhale chofunda. Thumba la feteleza lisunge chimanga. Koma ulusi wache usalowe m'fodya, pakuti ogula ku Chinkhoma abweza belo lotere, ndipo thukuta la chaka chonse lipita pachabe.

Wakukonza chakale asunga ndalama zache, nasungiranso adzukulu ache dziko.